Fomu 2 yomwe inkangoti zii: zomwe tinachita kuti ana ayambe kuyankhula chizungu mkalasi

Lipotili ndalemba chifukwa aphunzitsi anzanga a mu kilasitala yathu, gulu la masukulu oyandikana, akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti madamu munatani kuti Fomu 2 yanu iyambe kutsegula pakamwa, nde mmalo moyankha mmodzimmodzi ndati ndingolemba zonse pamodzi, zomwe zinayenda ndi zomwe zinakanika zomwe. Ndimaphunzitsa chizungu pa CDSS, sekondale yoyendera, ina kuno ku Ntcheu, chakumtunda kozizira kuno komwe anthu amadalira kachewere ndi kabichi. Dzina la sukulu ndi mayina a ana sinditchula.

Kalasi yake inali yotani

Ndinayitenga kumayambiriro kwa chaka cha sukulu, mu Seputembala. Yodzaza, ena atatu pa desiki imodzi, buku limodzi mitu inayi. Kulemba amalemba ndithu, ukawapatsa ekisesaizi ya ma tense kapena ma question tag ambiri amakhoza bwinobwino chifukwa zimenezo anazizolowera ku Sitandade 8 komwe chaka chonse chimathera pa mapepala akale a PSLCE. Koma ufunse funso loti munthu ayankhe ndi chiganizo chakechake, kalasi yonse zii, maso pansi, wina kuyamba kufufuza cholembera chomwe chili mmanja mwake momwemo. Manja okwera anali a anyamata omwewomwewo a kutsogolo. Ukati "Are we together?" onse pamodzi "Yes madam!" mpaka malata kulira. Poyankha mwa chigulu ndi akatswiri, nkhondo imayamba ukaloza mmodzi.

Zimenezi sindiwaimba nazo mlandu aphunzitsi a ku pulayimale ayi. Chiyambire 1994 pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi athu sanaphwepo. Munthu uli ndi ana odzadza chipinda mpaka pakhomo, njira yomwe imatheka ndi yoti iwe unene iwo abwereze. Mu 2014 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti ana aziphunzira m'chizungu kuyambira Sitandade 1, koma tonse tikudziwa zomwe zimachitika, mphunzitsi amawerenga m'chizungu n'kufotokoza m'Chichewa kuti ana amve, ndipo sakulakwa. Nde mwana amafika Fomu 1 atamva chizungu zaka 8 koma iyeyo payekha asanapangepo chiganizo choposa mawu atatu. Kuonjezera apo mayeso a MANEB a chizungu ndi olemba okhaokha, palibe amene amabwera kudzamva mwana akuyankhula, ndiye mphunzitsi wothamangitsana ndi silabasi chinthu choyamba kutaya ndi kuyankhulako.

Zomwe anawo ananena okha

Ndisanasinthe chilichonse ndinang'amba timapepala, aliyense kake, ndinati lembani m'Chichewa, osalemba dzina, chomwe chimakuletsani kuyankhula chizungu mkalasi muno. Ine ndimayembekezera kuti ambiri alemba zoti sadziwa mawu. Analipo ndithu olemba zimenezo koma ochepa. Yankho lomwe linangobwerabwera linali loti amatiseka. Ena anafotokoza bwino kuti ukalakwitsa liwu limodzi, liwu limenelo limasanduka dzina lako mpaka ku Fomu 4, akakuitana nalo kumpira, kuchigayo, kutchalitchi komwe. Atsikana angapo analemba kuti anyamata akumbuyo amabwereza mawu awo mwa kamawu kachitsikana. Wina analemba kuti ukalakwitsa amakuseka, ukakhoza amati ukudzimva uzungu, nde bola kungokhala chete. Mwana ameneyo anandithandiza kuposa semina iliyonse yomwe ndinapitako.

Panalinso nkhani ya lisiti ya mayina a oyankhula Chichewa. Pasukulu pathu, ngati mmasukulu ambiri, panali lamulo loti Chichewa pakampasi ayi, monita amalemba mayina, Lachisanu olembedwawo amakatchetcha udzu kapena kukolopa. Cholinga chake n'chabwino koma taonani masamu omwe mwana amachita. Akayankhula Chichewa, panishimenti. Akayankhula chizungu chophotchoka, kusekedwa. Akakhala chete, palibe chimuchitikira. Mwana aliyense wanzeru asankha chachitatucho. Komanso monita yemweyo amalemba adani ake n'kusiya anzake, izo n'zodziwika.

Ndinapita kwa a hedi kukapempha kuti kwa teremu imodzi lisitiyo isagwire ntchito mu peliyodi yanga. Sanakondwe nazo kwenikweni. Anati, madamu, mukawamasula anawa mudzawagwiranso bwanji, ndipo makolo akamva kuti chizungu chikuphunzitsidwa m'Chichewa abwera kwa ine osati kwa inu. Ndinawauza kuti bwana, mundipatse teremu imodzi yokha, mudzalowe tsiku lililonse lomwe mwafuna osandiuza. Anavomera mokayika.

Zomwe tinachita

Choyamba kwenikweni chinali kuchepetsa anthu omvera. Mwana woopa kalasi yonse saopa mnzake mmodzi wokhala naye desiki. Nde funso lililonse lofuna kuganiza ndinasiya kuliponya kwa onse. Ndimafunsa, ndimati tembenukirani kwa mnzanu, mphindi ziwiri, muuzane, kenako ndi pomwe ndimaloza munthu, ndipo sindimati iwe ukuganiza bwanji, ndimati mnzakoyo wakuuza chiyani. Kasinthidwe kakang'ono koma n'kamphamvu, chifukwa yankho likakhala lolakwika si lake, ndi la awiri, ndipo analiyeserapo kale kamodzi monong'ona. Masabata oyamba atsikana ndinawaphatikiza ndi atsikana anzawo, kusakaniza kunabwera mochedwa. Pokonzekera ndinalola Chichewa. Kambiranani m'chilankhulo chomwe mukufuna, koma chotuluka kwa ine chituluke m'chizungu. Apa anzanga ena amatsutsa, ine ndimati mwana wopanda ganizo mmutu sangalinene m'chilankhulo chilichonse, musiyeni alipeze kaye.

Chachiwiri, tinadula katoni ya sopo n'kulembapo ziganizo zochepa zodzipulumutsira, tinakhoma pamwamba pa bolodi: "Say it again, please." "How do you say this in English?" "Give me a minute." "I don't know yet, but I think..." Lamulo linali loti ukalozedwa kukhala chete sikuloledwa, koma kuwerenga chimodzi mwa ziganizo za pakatoni ndi yankho lokwanira. Sabata yoyamba theka la kalasi linangokhala la "Give me a minute" mpaka zinasanduka nthabwala, ngakhale kwa aphunzitsi a masamu amawayankha choncho. Ine sindinadandaule, pakamwa panali patatseguka.

Koma chomwe chinagwedeza kalasi ndi msika.

Ana athuwa ambiri ndi a geni. Loweruka ndi pa holide amathandiza makolo kugulitsa mphepete mwa msewu wa M1, ena pa Lizulu, ena pa Tsangano turn-off, ndipo amene munaimapo ndi galimoto pamenepo mukudziwa mmene ana amenewa amathamangira ndi ndowa za kachewere, tomato, anyezi, karoti, kukunyengerera mpaka ugule zomwe sumafuna. Msewuwo ndi malire, tsidya linalo ndi Mozambique, nde ena amatha kuwerengera ndalama za mayiko awiri mmutu. Mwana yemweyo amene mkalasi amaoneka ngati sadziwa kanthu. Ndinaganiza kuti ndibweretse msikawo mkalasi. Mmodzi ali ndi kapepala ka mitengo ya katundu komwe mnzake sakuona, winayo ali ndi kapepala ka zomwe watumidwa ndi ndalama yomwe ali nayo, yosakwana dala. Agwirizane m'chizungu, osaonetsana mapepala. Mitengo sindinalembe ine, analemba okha chifukwa amaidziwa kundiposa, ndipo anandiseka nditatchula mtengo wa ndowa womwe ine ndimagulira, ati madamu amakuberani.

Tsiku limenelo ndinamva chizungu chophotchoka chochuluka kuposa chomwe ndinamvapo chiyambire ntchito, ndipo ndinasangalala. "Too much expensive." "Add me small." "You want to kill my business, my friend." Palibe amene amaseka mnzake chifukwa aliyense anali kalikiliki kufuna kupambana pa mtengo. Chinsinsi chake ndi chimenechi, payenera kukhala kanthu komwe mmodzi akudziwa winayo sakudziwa, apo ndi pomwe kuyankhula kumakhala ndi ntchito. Mafunso athu ambiri aphunzitsife timafunsa zomwe yankho lake tikulidziwa kale ndipo ana amadziwa kuti ndi msampha chabe.

Kuchokera apo tinapitiriza ndi zomwe ndinazitcha kuphunzitsa madamu. Ine ndinakulira ku tauni, za kachewere sindidziwa zambiri, nde gulupu iliyonse imandiphunzitsa kanthu: kasankhidwe ka mbewu, kaunjikidwe ka mizere, nthawi yopopera mankhwala matenda a chiwawu asanalowe mmunda, kasungidwe. Ena anandilongosolera njira yochokera pasukulu kukafika kwawo, ine n'kumajambula pa bolodi ndendende zomwe akunena, akasokoneza left ndi right ndimakagwera mumtsinje, kalasi n'kuphulika kuseka, koma akuseka ine. Ma preposition omwe amavuta mmabuku anakhazikika pamenepo. Past tense tinaigwira Lolemba lililonse ndi nkhani imodzi yomwe aliyense wamva pa wailesi, kaya MBC kaya Zodiak, nkhani za m'chizungu, ukamve imodzi yokha ubwere uuze mnzako ziganizo zitatu. Opanda wailesi kwawo amanena zomwe zachitika mmudzi, maliro, mpira, mbuzi yabedwa, zonse ndimalandira.

Za kukonza zolakwika

Apa ndi pomwe timasiyana kwambiri ndi anzanga ku sitafu. Mwana akuyankhula ine sindimudula. Ndimayenda ndi kope, ndikamva cholakwika ndimalemba, mphindi zisanu zomaliza za peliyodi ndimasankha zitatu kapena zinayi n'kuzilemba pa bolodi popanda dzina, tonse n'kukonza. Mwini wake amadzizindikira yekha mumtima. Peliyodi ya mphindi 40 siyilola zambiri nde uyenera kusankha nkhondo zako. Ine ndinasankha he ndi she, chifukwa m'Chichewa iye ndi iye basi kaya ndi mwamuna kaya mkazi, nde mwana amayamba nkhani ya mayi ake ndi she pakati n'kukhala he, womvera n'kusokonekera kuti bambo alowa liti. Ndinasankhanso past tense chifukwa imadya malikisi pa kompozishoni. Za l ndi r, zomwe ana amasekana nazo kwambiri, ndinawauza poyera kuti kwathu kuno ndi a PhD omwe amazisakaniza ndipo dziko silinathe, tizikonza pokhapokha tanthauzo likasintha. Wina akaseka mnzake, chilango chake chinali kunena chiganizo chomwecho molondola n'kuwonjezera china chake. Oseka anachepa msanga kwambiri.

Dibeti inakanika. Ndinayesa pakati pa teremu yoyamba poganiza kuti apsa, koma anayankhula ndi anyamata akutsogolo aja basi, ndi mawu akuluakulu oloweza omwe eni ake samawamva, ena onse anabwerera ku zii wawo uja, owonerera. Dibeti ndi ya anthu oyankhula kale, siyiyambitsa munthu. Ndinaisiyira kilabu ya Lachitatu masana.

Ana awiri

Pali mtsikana wina amene ndikufuna ndimufotokoze payekha. Amakhala pakona kumbuyo, makope aukhondo, kompozishoni yake inali mwa zabwino kwambiri mkalasi, koma chaka chonse cha Fomu 1 aphunzitsi ena sanamvepo mawu ake. Ndinadzamva kwa anzake kuti ali ku pulayimale anaphonya liwu powerenga pa asembule ndipo dzina lomunyoza linachokera pamenepo linamutsatira mpaka kuno chifukwa anasankhidwa limodzi ndi anyamata a kusukulu komweko. Sindinamukakamize. Pa msika uja ndinamuika ndi mtsikana wina wofatsa, ine n'kumadutsa patali ngati sindikumva. Kenako ndinamuitana nthawi ya buleki, ndinati mwanawe, tenga foni yangayi, pita kuseri kwa laibulale, ujambule mawu ako ukundiuza mmene mumaphikira futali kwanu, mphindi imodzi, ukamaliza umvere wekha, ukapanda kukonda ufufute ujambulenso. Anati, madamu, wina amva? Ndinati ine ndekha, ndipo tifufuta pamaso pako. Anachedwa kubwera, buleki inatha. Zomwe anajambula zinali zomveka bwino kuposa za anyamata akutsogolo aja. Nditamuuza sanakhulupirire mpaka tinamvera limodzi.

Sanasinthe tsiku limodzi ayi. Teremu yoyamba inatha akuyankhula kwa mnzake yekha. Yachiwiri anayamba kunenera gulupu yake atakhala pansi, kuimirira amakana ndipo ndinamulola, kuimirira si mbali ya chizungu. Chakumapeto kwa teremu yachiwiriyo anatsutsa mnyamata wina pa nkhani ya mtengo wa feteleza, mokweza, osalozedwa, ndipo anali wolondola. Njira ya foniyi ndinaigwiritsa ntchito kwa ena angapo, foni yanga yomwe popeza ana saloledwa mafoni pasukulu, ndipo chilichonse chimafufutidwa tsiku lomwelo. Musamatumize mawu a ana ku magulupu a WhatsApp anzanga, ngakhale zikhale zoseketsa bwanji, akangomva kamodzi basi mwawataya.

Winayo ndi mnyamata wachibwibwi. Uyu njira zonsezi zinamuthandiza pang'ono chabe. Kwa awiri amayesa, pagulu mawu amamangika, ndipo chibwibwi chake chimakula akamayankhula chizungu. Tinagwirizana kuti sindidzamuloza mwadzidzidzi, akafuna kuyankha aziika rula pamwamba pa kope, ine ndikaona ndimuloze ndipo ndidikire osamumalizira mawu. Rula imeneyo inakwera kangapo kokha chaka chonse. Sindinganame kuti vuto lake linatha, ndipo pa zimenezi ife a ma CDSS tilibe katswiri woti n'kumutumizako pafupi.

Madandaulo

Phokoso. Ana ochuluka chonchi akamayankhula nthawi imodzi kalasi yoyandikana nayo imavutika, ndipo sala a sayansi anabwera kawiri konse kudzagogoda kuti madamu kodi muno muli mphunzitsi. Anali ndi mfundo. Tinasinthana ma peliyodi kuti zaphokosozo zizigwa pomwe iwo ali ku labu, ndipo mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, tinkatuluka kukachitira panja powothera dzuwa, ana amakonda kwambiri ndipo ndinaona kuti panja amamasuka kuposa mkati.

Pa msonkhano wa PTA bambo ena anaimirira n'kufunsa kuti aphunzitsi, ife timalipira fizi kuti ana achoke pamsewu, inu mukuwaphunzitsanso kugulitsa mbatata? Funso labwino ndithu. Ndinawayankha kuti bambo, mwana wanu akadzafika Fomu 4, satifiketi ya MSCE sangaitenge atalephera chizungu ngakhale akhoze zina zonse, ndipo ku yunivesite amafuna kirediti, giredi 6 kapena yabwino kuposa apo. Akadzapita ku intavyu ya ntchito akamufunsa ndi pakamwa. Mbatatayo ndi poyambira chabe chifukwa ndi yomwe akuidziwa. Anakhala pansi koma nkhope sinkaoneka kuti yakhutira.

A hedi analowadi osandiuza, tsiku lomwe gulupu ina imandiphunzitsa za chiwawu. Anakhala kumbuyo mpaka belu. Potuluka anangoti pitirizani madamu, koma sikimu yanu isatsalire, JCE sidikira munthu. Ndipo apa ndinene zoona, silabasi inatsaliradi pang'ono, makamaka litirecha, tinachita kubweza ndi makalasi a mmawa mu teremu yachitatu.

Zomwe ndinaona pofika kumapeto

Manambala oti ndikuonetseni kuti njirayi yakweza zotsatira za mayeso ndilibe, ndipo kalasi imodzi chaka chimodzi si umboni woti munthu n'kuyendera nawo. Zomwe ndinganene ndi zomwe ndinaona ndi maso. Ndikafunsa funso manja amakwera mbali zonse za kalasi, atsikana omwe. Mayankho a liwu limodzi anachepa, because inayamba kumveka. Makompozishoni anatalika ndipo anasiya kufanana, poyamba ukachonga khumi umakhala ngati wachonga imodzi yokopedwa kakhumi, pano mumapezeka nkhani za kumunda ndi za pamsewu zomwe palibe buku linalemba. Zolakwika zilipobe zambiri, he ndi she amasinthanabe munthu akatenthedwa ndi nkhani, masipelo ndiye sanasunthe n'komwe.

Kwa ana omwe amandifunsa kuti madamu ndipange bwanji ndekha kunyumba, ndimawauza zomwezi nthawi zonse. Peza mnzako mmodzi woyenda naye njira imodzi, mugwirizane kuti kuchokera pageti mpaka pamlatho kapena pachigayo ndi chizungu chokha, mukadutsa pamenepo bwererani ku Chichewa chanu. Ukamatsuka mbale kapena kupalira uzidziuza chamumtima kapena monong'ona zomwe ukuchitazo. Werenga ndime imodzi mokweza tsiku lililonse, ngakhale ya buku la agirikacha, kuti lilime lizolowere. Usaloweze mawu akuluakulu a mu dikishonale kuti uopseze anzako, mawu ang'onoang'ono omwe ukuwadziwa kale ndi okwanira kunena zambiri. Ndipo liwu likakusowa pakati pa chiganizo, ponyapo la Chichewa upitirize, ukafunse pambuyo.

Chomwe sichinathe ndi lisiti ija. Mu peliyodi yanga sinabwererenso, koma kunja ikugwirabe ntchito, ndipo ku sitafu tagawanika, ena akuti ichotsedwe pasukulu ponse ena akuti kuichotsa ndi kugonja. Ine ndapempha kuti mmalo mwake tiyese masiku awiri pa sabata a chizungu popanda panishimenti, aphunzitsi ndi amene tiyambe, chifukwa ifenso tikangolowa mu sitafu chizungu timachisiya pakhomo ndipo ana amatimva pawindo. Nkhaniyi a depyute aiika pa ajenda ya miting'i yotsegulira teremu. Fomu 1 yatsopano ndawapempha a hedi kuti andipatse ineyo, ndiyambe nawo sabata yoyamba mayina onyozana aja asanamere mizu, ndipo sala a jogalafe avomera kuyesa za awiriawiri zija mu peliyodi zawo, tione ngati zingagwire kunja kwa phunziro la chizungu.